Tinamunyamula ngati thumba la chimanga

Tinalipo anthu 11 tsiku limenelo, tonse a m'gulu la pa WhatsApp lokwera mapiri Loweruka lomaliza la mwezi. Ambirife ndife a m'maofesi, anthu amene adokotala anatiopseza kuti BP yayamba kukwera ndipo mimba zayamba kutsogola. Phiri la Bunda tinali titalikwera mpaka kutopa nalo, la Nkhoma kawiri, choncho wina atati tikayeseko Dzalanyama palibe anatsutsa. Tinanyamuka kusanache kudzera ku Likuni, n'kutsata msewu wafumbi mpaka pamene galimoto zinakanira. Kuchokera m'tauni ndi makilomita pafupifupi 60 okha, koma ukangolowa pansi pa mitengo ya mombo ndi misuku ija, foni imasanduka tochi basi.

Unali mwezi wa Julayi. Dzuwa lili pamutu, tikutsetsereka kulowera kukhwawa, mlamu wanga, mwamuna wa msuweni wanga, anaponda mwala wandere. Ndinamva kuti thyo! n'kuyesa nthambi youma. Pocheuka, munthu ali chagada pakati pa miyala, phazi lakumanja litaloza kumene phazi sililoza.

Zimene tinachita m'mphindi khumi zotsatira ndimachita nazo manyazi mpaka lero. Tinamuthamangira tonse nthawi imodzi, aliyense akukuwa zake. Anyamata anayi anamugwira mikono ndi miyendo n'kumukweza ngati thumba la chimanga, mwendo wothyokawo uli lendelende. Wina, amene anati anazionapo kumpira, anagwira chidendene n'kukoka kuti aubwezeretse. Pamsongolo panali bala pamene fupa linaboola khungu, magazi akukha, ndiye ineyo, ndi manja angawa, ndinamasula chingwe cha nsapato n'kumumanga pamwamba pa bondo. Mayi wina anamumwetsa Fanta. Awiri anabalalika kukwera zitunda kusaka netiweki, aliyense kwake, mpaka mmodzi anasochera n'kutiwonjezera ntchito. Wotchi palibe anaiyang'ana. Zomufunditsa palibe anaziganiza, chikhalirecho munthuyo anali atagona pamwala wozizira, malaya atanyowa ndi thukuta, mano akugundana.

Anatipulumutsa ndi abambo awiri okankha njinga za makala. Inde, omwe aja timawatukwana pa Facebook kuti akutha nkhalango imene mtsinje wa Lilongwe umachokera, mpaka boma linatumizako asilikali mu 2015. Anatsamiritsa njinga zawo, anayang'ana kanthawi, mmodzi n'kunena motsitsa kuti, "Pepani mabwana, musamukokenso." Anasenda khungwa la mombo lokhala ngati ngalande, anagonekamo mwendo n'kuumanga ndi luzi. Anadula mitengo iwiri yowongoka, anailowetsa m'matumba opanda kanthu ataboola ngodya zake, machila n'kutheka. Njira imene popita tinaiyenda ola limodzi ndi theka, pobwerera inatidyera maola asanu.

Kuchipatala tinafika usiku. Dokotala ataona chingwe cha nsapato chija anafunsa kuti wamanga ndani, ndipo nthawi yanji. Funso loyambalo ndinayankha nditazolika. Lachiwirilo tonse tinangoyang'anana. Anandifotokozera mosakalipa kuti chingwe chowonda chotero sichitseka mtsempha waukulu wobweretsa magazi, chimangofinya mitsempha yobweza magazi kumtima, ndiye bala limakha kwambiri kuposa likanangosiyidwa. Mlamu mwendo anatsala nawo, koma amatsimphina, ndipo m'gulu lija anatulukamo osatsazika.

Patapita miyezi ingapo ndinamva za maphunziro a masiku asanu a chithandizo choyamba cha kutchire. Ndinalipira mosazengereza, ngakhale ndalama yake inandisiya ndikudya bonya mwezi wathunthu.

Maphunziro amtunduwu anayambira ku America m'zaka za m'ma 1970 pakati pa anthu okwera mapiri. Aafupi ndi a masiku awiri, maola 16. Apakati, amene ife tinachita, amatenga maola pafupifupi 40, pamene aatali, a anthu otsogolera alendo ndi opulumutsa anzawo, amafika maola 70 kapena 80. Ine ndinali nditachitapo chithandizo choyamba cha kuofesi, cha tsiku limodzi chija mumapumira chidole m'kamwa n'kulandira satifiketi madzulo. Chimenecho chimakukonzekeretsa mphindi zochepa zoyambirira, poganiza kuti ambulansi ili m'njira. Cha kutchire chimayambira pamene chinacho chalekezera. Ambulansi sikubwera, kwada, mvula yayamba, ndipo wodwalayo ndi wako mpaka mawa.

Mphunzitsi wathu anali mayi wachikulire, namwino amene anagwira ntchito zaka zambiri m'zipatala zakumidzi, wolankhula motsitsa koma wosabwereza mawu. Tonse tinkangowatchula kuti Sisitala. M'mawa woyamba anatiuza kuti m'mabuku a maphunzirowa, tchire sakutanthauza mitengo kapena zilombo. Ndi malo alionse amene wovulala angathe ola limodzi kapena kuposa asanafike m'manja mwa achipatala. Atatero anazungulira m'kalasimo kufunsa mmodzimmodzi: "Kwanu n'kuti, achimwene? Amayi anu atagwa pachitsime lero, angafike nthawi yanji pamene pali dokotala?" Wa ku Kasiya anati maola awiri ngati mlatho uli bwino. Wa kumapiri a Dedza anati zimatengera ngati mwini ngolo alipo. Ine wa kuseri kwa Mitundu ndinawerenga pa zala n'kupeza atatu m'dzinja. Mnyamata wina wa ku Area 25 anati ngakhale iye, mafuta akasowa m'tauni muno, ndiye kuti ali kutchire.

Tinaseka, koma ine zinandikhala pamtima. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi 84 mwa 100 alionse amakhala kumudzi. Zimene anzathu akunja amaphunzira kuti akasangalale bwino kumapiri pa holide, kwa abale athu ndiwo moyo wa tsiku ndi tsiku. Ndipo amene anaona namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, misewu itaduka ku Mulanje, Phalombe ndi Blantyre, akudziwa kuti tauni nayo imasanduka tchire usiku umodzi.

Phunziro loyamba linali kuima. Sisitala ankagoneka mmodzi wa ife pansi atamupaka magazi abodza, n'kutiuza kuti tipite. Aliyense wothamanga ankamubweza. "Mwaona chimene chamugwetsa? Ngati ndi njuchi, zachoka? Ngati ndi mwala, unzake suli m'njira? Mukufuna odwala akhale awiri?" Uime, uyang'ane, uvale magolovesi kapena majumbo m'manja, kenako utsate ndondomeko yosasintha. Kodi pali pamene magazi akuthovoka? Mpweya ukudutsa? Akupuma bwanji, mtima ukugunda bwanji, akuyankha ukamuitana? Khosi ndi msana zili bwanji? Ukatha apo umamupapasa kuyambira kumutu mpaka kuzala zakumapazi, chifukwa bala limene likumuliritsa munthu kawirikawiri si limene lingamuphe. Ife kwa mlamu tinangoona mwendo. Zoti mwina mutu unagunda mwala, kapena msana unavulala pamene tinkamukweza, palibe anazifunsa.

Chimene chinandigwira kwambiri ndi pepala ndi wotchi. Munthu wamkulu akakhala phee mtima wake umagunda ka 60 mpaka 100 pa mphindi, ndipo amapuma ka 12 mpaka 20. Nambala imodzi payokha siikuuza zambiri, poti wamantha aliyense mtima umathamanga. Koma ukamalemba mphindi 15 zilizonse, manambala amayamba kuulula. Ukaona 88, kenako 96, kenako 110, kenako 124, munthu akupempha madzi, manja akuzizira, wayamba kubwebweta, ameneyo akutaya magazi mkati ngakhale kunja kulibe dontho. Buku limati khungu limayera, ndipo zithunzi zake zonse ndi za Azungu. Sisitala analitseka n'kutiuza kuti pa ife uzikoka chikope cham'munsi, uziyang'ana nkhama, lilime ndi zikhatho. Ine ntchito yanga ndi yowerengera ndalama. Kundandalika manambala n'kuona kumene akulowera ndimachita chaka chonse, koma sindinaganizepo kuti thupi la munthu nalo lili ndi leja.

Pepala lomwelo ndilo umapatsa okaitana thandizo, ndipo apite awiri. Palembedwe kuti wavulala pati, nthawi yanji, ali malo ati, pakufunika onyamula angati. Uthenga wapakamwa ukayenda makilomita asanu, wothyoka mwendo amafika atamwalira kale, ndipo m'malo mwa machila kumabwera anthu olira.

Pa nkhani ya magazi tinakhalitsa. Choyamba ndi kudinikiza pabalapo ndi nsalu, mwamphamvu, mphindi khumi zathunthu osasuzumira. Mphindi khumi n'zambiri, tayesani kudinikiza pilo mukuyang'ana wotchi. Bala lakuya umalowetsamo nsalu mpaka kudzaza, n'kudinikizabe. Kumanga mwendo kapena mkono n'kwa pamene magazi akuthovoka ndipo kudinikiza kwakanika. Chomangiracho chikhale chotambalala ngati zala zitatu, monga chitenje chopinda bwino, chimangidwe masentimita 5 mpaka 7 pamwamba pa bala, kupewa pa bondo kapena pa chigongono. Umalowetsa kamtengo kolimba n'kupotokola mpaka magazi ataleka, wodwala akukuwa, chifukwa zimapweteka koopsa. Ukatero ulembe nthawi, ngakhale pachipumi pake, popeza pakadutsa maola awiri minofu imayamba kuwonongeka ndipo achipatala ayenera kudziwa. Mphira wa njinga, waya, chingwe cha nsapato, zonsezo ayi. Pamene Sisitala ankanena zimenezi ine maso anali pansi.

M'tauni bala umangoliphimba n'kuthamangira kuchipatala. Kumene kuchipatala n'kwa mawa, dothi lotsalira m'bala ndilo lidzadulitse mwendo sabata ikubwerayo. Madzi oti ungamwe ndi oti ungatsukire bala. Uboole chitsekerero cha botolo ndi pini, ufinye kuti madzi azituluka mwamphamvu, lita lonse ngati uli nalo. Sipiriti mkati mwa bala ayi, phulusa ayi, mafuta a buleki amene madalaivala amawakhulupirira aja ayi.

Kufa ndi kuzizira ndinkayesa ndi nkhani za ku Ulaya. Thupi likangotsika pansi pa madigiri 35 ndiye kuti zinthu zayamba kuipa, ndipo wovulala amene wagona osasuntha nthaka imamuyamwa kutentha ngakhale oyendayenda akumva bwinobwino. Magazi a munthu wozizidwa sagwirana msanga, choncho bala limangokhabe. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil, Gabriel Buchmann, anasochera ku Sapitwa, nsonga ya Mulanje ya mamita 3,002, ndipo atamupeza patadutsa milungu yoposa iwiri zinadziwika kuti chinamupha ndi kuzizira. N'chifukwa chake chofunda choyamba chimapita pansi pa wodwala. Masamba ouma, zikwama, mphasa, chilichonse chomulekanitsa ndi nthaka.

Zina tinazidutsa mwachangu. Kudinikiza pachifuwa ka 30 n'kupumira kawiri tinabwereza, koma Sisitala sanatinamize. Anati kutchire mtima ukaima chifukwa chovulala subwerera kawirikawiri, kupatula kwa womira m'madzi, wozizidwa kwambiri ndi woombedwa ndi mphenzi. Mphenzi ikaomba gulu, uyambe ndi amene akuoneka ngati wafa, olirawo adikire. Thanzi akasowa, masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino. Tinaphunziranso kubwezeretsa phewa loguluka, chinthu chimene m'tauni usayerekeze n'komwe.

Usiku wa tsiku lachinayi anatitengera kukatchire kena kunja kwa mzinda. Wovulala wathu wabodza anali bambo wonenepa bwino, ndipo ndikukhulupirira kuti anamusankha dala. Onyamula asanu ndi mmodzi, ena akudikira kulandizana, wina patsogolo ndi tochi, kilomita imodzi inatitengera ola ndi zakezake. Koma chimene chinandigwetsa si kulemera. Sisitala anali atabisa anthu ena kuti akhale abale a wovulalayo. Anatulukira mumdima, wina akulira mokweza, wina akupemphera atagwira mwendo wothyokawo, ndipo bambo wina waimvi akulamula kuti mwana wake adzutsidwe ayende. Ine ndinapsa mtima n'kumukalipira kuti achoke. Bamboyo anangondiyang'ana n'kuti, "Mwana wa ndani iwe?" Khamu lonse linamutsatira, wodwala anadzutsidwa, mayeso n'kuthera pomwepo.

M'mawa mwake Sisitala anati palibe buku lochokera kunja limene lingatiphunzitse zimenezo, chifukwa kwawoko wovulala amakhala yekha ndi anzake awiri, pamene kuno amakhala ndi mudzi wonse. Munthu wamkulu sauzidwa kuti choka. Umamupatsa ntchito. "Bambo, inu ndinu amphamvu, tagwirani mutuwu usagwedezeke." "Mayi, pempherani ndithu, koma mutagwira tochiyi." Wodziwa zonse uja umutume kukadula mitengo ya machila. Kuona maso a nkhono n'kudekha, anatero, ndipo kudekhako kuyambe ndi iwe.

Pali zimene sizinandisangalatse. Buku lathu linali ndi masamba onena za zimbalangondo, zala zouma ndi chipale, ndi mmene ungaitanire helikopita. Za ngolo, kabaza ndi matola munalibe. Zonse zinali m'Chingerezi. Ndipo ndikayang'ana m'kalasimo ndinkaona otsogolera alendo, ogwira ntchito m'mabungwe, oteteza nyama ndi ife okwera mapiri a Loweruka, anthu amene tikhoza kutha zaka zisanu osaona ngozi. Anyamata a kabaza amene amakhala oyamba kufika pangozi iliyonse panalibe. Aphunzitsi a kupulayimale za kumudzi, amayi a mvano, abambo a makala aja, panalibe. Mtengo wake unawatsekera kunja. Ndimaona kuti maphunzirowa tikuwagulitsa kwa anthu olakwika, ndipo ine ndine mmodzi wa iwo.

Disembala wapitayu ndinapita kumudzi kukasiya feteleza. M'mawa wa tsiku lachiwiri atsibweni anga akupalira, mphiri inawaluma pamwamba pa kakolo. Mphiri sithawa ikamva mapazi. Imangoti phee, mtundu wake wofanana ndi masamba ouma, mpaka uiponde. Pamene ndinkafika anali atawakhazika pansi pa mtengo wa mango, agogo atatulutsa kale lumo, msuweni wanga atang'amba mphira wa chubu, ndipo kamnyamata kena katathamangira kwa munthu amene amasunga mwala wakuda.

Za njoka tinazikambirana tsiku lathunthu kumaphunziro kuja. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linaika kulumidwa ndi njoka m'gulu la matenda onyalanyazidwa mu 2017, ndipo limati anthu pakati pa 81,000 ndi 138,000 amafa nako chaka chilichonse padziko lapansi. Ululu wa mphiri umaononga minofu pamalo pamene yaluma. Ukamanga ndi mphira, umautsekera pamodzi ndi kutupa m'mwendo wopanda magazi, ndipo n'zimene zimadulitsa miyendo. Kutema mphini kumangowonjezera mabala otaya magazi ndi olowera tizilombo. Kuyamwa sikuchotsa kanthu, mwala wakuda chimodzimodzi. Chifukwa chimene njira zimenezi zimaonekera ngati zimagwira ntchito n'chakuti njoka zambiri zilibe ululu woopsa, ndipo ngakhale zaululu nthawi zina zimaluma osausiya. Wochirayo akanachirabe, koma ulemu umapita kwa lumo.

Kudziwa zimenezi n'kosavuta. Kuwauza agogo ndi nkhani ina.

"Agogo, lumolo tandipatsani ndikusungireni."

"Iwe mwana, mphini zimenezi ndinawatemera agogo ako aamuna amayi ako asanabadwe. Sukulu yakuzunguza mutu eti?"

Ndinamva mkwiyo uja wa usiku wachinayi ukukwera. Ndinagwada. "Agogo, palibe amene atsibweni amamumvera kuposa inu. Akadzuka kapena kugwedezeka, ululu uthamanga m'thupi. Khalani kumutu kuno muwagwire, muziwalankhula. Ine sangandimvere."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anakhala pansi, anaika mutu wa mwana wawo pamiyendo, lumo n'kulisiya pamphasa. Ndinalitola mwakachetechete. Msuweni wa mphira uja ndinamutuma kukamanga ng'ombe pangolo. Anyamata amene ankafuna kukasaka njokayo ndinawapempha nsungwi ziwiri, popeza atsibweni anali ataiona bwino ndipo wolumidwa wachiwiri sitinkamufuna. Mwendo tinaugoneka pakati pa nsungwizo n'kukulunga ndi chitenje mosathina, kungoti usapindike. Ndinawapatsa Panado, n'kukana Brufen amene wina anabweretsa, chifukwa amawonjezera kutaya magazi. Ndinang'amba tsamba m'kope la mwana wasukulu, ndinajambula mzere ndi bolopeni pakhungu pamene kutupa kunalekezera, n'kulemba 9:20. Mzere wachiwiri 9:35. Pangolo ndinapitiriza, dzanja limodzi pamkono pawo kuwerenga mtima, ng'ombe zikuterereka m'matope. Pamsewu tinapeza matola.

Titafika pachipatala chaching'ono, mizere inali itadutsa bondo. Wachipatala anawerenga tsamba lija, anayang'ana mwendo, anawerenganso, ndipo asanatifunse zambiri analemba kalata yotitumiza kuchipatala chachikulu m'tauni. Popereka kalatayo anandifunsa kuti, "Achemwali, ndinu namwino?" Ndinati ayi, ndimawerengera ndalama.

Atsibweni anagona m'chipatala masiku asanu ndi anayi. Anatuluka ndi chipsera chachikulu, koma akuyenda ndi miyendo yawo iwiri, ndipo fodya wawo anathyola okha. Tsiku loyamba lija anamwino pomasula chitenje anapeza kamtolo ka mizu katapanikizidwa pansi pa bondo. Nthawi imene agogo anakalowetsa sindikuidziwa, poti ine maso anali pa wotchi. Mpaka lero kumudzi amauza aliyense kuti unagwira ntchito ndi muzu wawo, ndipo mdzukulu wawo wa ku Lilongwe anangothandizako kulemba. Lumo lija anandilanda nditapitanso pa Khirisimasi, ati ndi lometera.